MISOZI YOPANDA MWINI NDI CHIYEMBEKEZO CHOGULA

M'bwalo lathu la alembi mwalowa matenda awiri, ndipo popeza takhala tikuomberana m'manja teremu yonseyi osawatchula, ine ndiwatchula. Matenda oyamba ndi a ndakatulo zolira maliro osadziwika mwini wake. Mlakatuli aimirira natiuza kuti usiku watalika, dzuwa lakana kutuluka, akadzidzi akulira padenga, mtima wake wasanduka manda. Tikamfunsa kuti kodi wamwalira ndani, ndipo adamupha ndani, iye ayankha monyada kuti ndakatulo siimasuliridwa. Matenda achiwiri ndi a ndakatulo zolonjeza mbandakucha. Izi zimayambira mu mdima womwe uja, koma pofika ndime yomaliza kunja kwayera, Malawi wadzuka, ana akusewera pabwalo, ndipo palibe wotiuza kuti mdima uja wachoka bwanji kapena wauchotsa ndani.

Eni ndakatulozi amadziyesa adani. Olira amanyoza olonjeza kuti ndi ana a sukulu ya Sande, olonjeza amanyoza olira kuti ndi ofooketsa dziko. Ine ndikuti ndi mapasa. Tengani ndakatulo iriyonse ya magulu awiriwa, kaiwerengeni pamaso pa nduna, kapena pamaso pa munthu amene adameza ndalama za mankhwala a m'chipatala. Adzaomba m'manja, mwina adzakupatsani ndi envulopu yomwe, kenaka adzapita kwao kukagona tulo tabwino. Ndakatulo imene tikuitcha yodzudzula, koma yosasowetsa tulo munthu ndi mmodzi yemwe, ikudzudzula yani?

Ndiyambe ndi olira, poti ndiwo ochuluka ndipo ndiwo amalandira ulemu wambiri. Akafunsidwa chifukwa chobisira mau, amathamangira kwa akulu athu amene adayambitsa bwalo la alembi ku Chancellor College mu 1970, koleji isanasamukire ku Zomba mu 1973. Amati akulu aja nawonso ankayankhula mwa nadzikambe ndi abuluzi, mwa Napolo ndi Chingwe cha pa phiri la Zomba. N'zoona. Koma tikumbutsane chimene chidali kuseri kwa chitseko pamene iwo ankawerenga. Lamulo loletsa mabuku ndi zisudzo lidakhazikitsidwa mu 1968. Mu 1971 Kamuzu adakhala Pulezidenti wa muyaya. Mu 1972 mphunzitsi wao Landeg White adapirikitsidwa m'dziko muno. Mu 1976 Felix Mnthali adatsekeredwa popanda mlandu. Frank Chipasula adathawira kunja. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa n'kuikidwa m'galimoto ku Mwanza, mtundu wonse n'kuuzidwa kuti ndi ngozi. Buku la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, lidatuluka ku London mu 1981, lidachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu muno mu 1985, ndipo mu Seputembala 1987 mwini wake adatengedwa ku Zomba kupita ku ndende ya Mikuyu, kumene adakhala mpaka Meyi 1991 osaonekera m'khoti ndi tsiku limodzi lomwe.

Anthu ajatu sadabise mau pofuna kuoneka anzeru. Chining'a chidali mtengo umene ankalipira kuti mau atuluke mwini wake akadali moyo. Ndipo chining'a chenicheni chimakhala ndi mfungulo, mfunguloyo ili m'thumba mwa womvera. Aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti ng'ona ikunenedwayo ili ndi nyumba yake pa phiri la Sanjika. Umboni wake ngwakuti nalo boma lidamva, likadapanda kumva silikadatumiza apolisi. Chathuchi si chining'a, ndi utsi. Chilibe mfungulo chifukwa chilibe chitseko, kuseri kulibe kanthu. Tatengera akulu athu khungu la nadzikambe, koma maso ake aja, openya uku ndi uku osaphonya ntchentche, tawasiya.

Wina anena kuti mantha sadathe ndi chipani chimodzi, ndipo sanama. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko a 1994 limalonjeza ufulu woyankhula, koma Evison Matafale wa ku Chileka, amene adatipatsa Kuimba 1 ndi Kuimba 2, adalemba kalata yodzudzula boma la Bakili Muluzi, adamangidwa, ndipo adamwalira ali m'manja mwa apolisi pa 27 Novembala 2001. Pa zionetsero zoyamba pa 20 Julayi 2011 anthu makumi awiri adaphedwa. Mu Seputembala chaka chomwecho Robert Chasowa, wophunzira ngati ife, adapezeka atafa pa Polytechnic ku Blantyre. Woopa ali ndi zifukwa zake ndipo sindimuseka. Koma mantha amaphunzitsa munthu njira yonenera chinthu, samuphunzitsa kusanena kanthu. Ngati ukuopa kutchula dzina la fisi, jambula mapazi ake bwino lomwe, kuti mudzi wonse uwazindikire. Ukajambula mdima wokhawokha, fisi ndiye woyamba kukuthokoza, pajatu mdima ndi wake.

Sukulu yabwino ya zimenezi sitidaipite, ngakhale ambiri a ife tidabadwira pakhomo pake. Kwathu ku Nathenje, ndi m'midzi yonse mpaka ku Mitundu, amai adali ndi nyuzipepala yao kalekale, ndiyo nyimbo ya pamtondo. Mkazi amene mwamuna wake wapita ndi mabelo a fodya ku Kanengo, n'kubwerako patatha masabata awiri ali ndi wailesi ndi chipewa chatsopano koma m'thumba mulibe kanthu, sakalemba kuti mtima wake wasanduka manda. Amaima pamtondo ndi mnzake, nayamba nyimbo ya mbalame ina imene imalima ndi anthu koma kukolola yokha. Dzina satchula, komatu apongozi ali pakhonde amva, ankhoswe adzamva madzulo, mwini mlandu ali kuseri kwa chigafa wamva kale. Nyimboyo ili ndi wolakwa, ili ndi cholakwa, ili ndi khoti loyenera kuweruza. Mkamwini waulesi, mkazi wamng'ono wonyada, mfumu yokondera pogawa malo, onse adadutsapo pamtondo.

Tsono taonani pamene pakhala misozi ndi pamene pakhala chiyembekezo mu nyimbo yotere. Misozi ili m'mau, ndipo mai uja saichepetsa, amanena zowawa monga momwe ziliri. Chiyembekezo sachitchula n'komwe, chili m'manja mwake. Akuimba uku akukonola chimanga choti ana adye mawa, ndipo mnzake wa musi wachiwiri akuvomera, kutanthauza kuti mavutowo si a munthu mmodzi. Munthu wotaya mtima kotheratu saimba pamtondo, amakhala m'nyumba chete. Kuimba dandaulo pagulu ndiko kukhulupirira kuti alipo wina womva, ndi kuti kumvako kungasinthe kanthu. Lero chigayo chalanda mtondo ntchito, ndipo pa mzere wa kuchigayo phokoso la injini salola nyimbo. Bwalo lija likutsekeka ife tikuona, ndipo ife amene tidayenera kulilowa chokolo tili kalikiliki kulemba za akadzidzi.

Za kudambwe sindinena, si zanga kuziulula papepala. Koma zimene gule amachita pabwalo masana aliyense amaziona. Pamene amishoni ndi atsamunda ankalimbana ndi nyau, pabwalo padatulukira Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, padatulukira Maliya, padatulukiranso galimoto. Mudzi udatenga chimene chinkauopsa n'kuchivinitsa m'fumbi, ana n'kumaseka. Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku lao la 1991 lotchedwa Power and the Praise Poem, adasonyeza kuti m'maiko ambiri a kuno kumwera muli mwambo woti zimene sunganene ndi pakamwa pamaso pa mfumu ungathe kuziimba, ndipo mfumu iyenera kumvera. Adatsata nyimbo ya Paiva, imene anthu olima nzimbe m'minda ya kampani ya Sena Sugar Estates, m'mbali mwa Zambezi ku Mozambique, adaiimba mibadwomibadwo, kutchula dzina la mzungu amene ankawagwiritsa thangata, kuti ana asadzaiwale. Mlandu suwola, koma kuti usawole pafunika wina wosunga dzina la wopalamula.

Ndifike kwa olonjeza mbandakucha. Awa ayenera kudziwa kuti ntchito imene akuifunsirayo idagwiridwa kale, ndipo idagwiridwa bwino kuposa momwe iwo angaigwirire. Kwa zaka makumi atatu amai a dziko lino adavala nsalu za nkhope ya Kamuzu, adakwezedwa m'malole, adaimba za chitukuko ndi ufulu m'masitediyamu. Chipani chidatenga maimbidwe a kumudzi omwe aja, a chimtali ndi chintali chomwe cha pa ukwati, chidachotsamo dandaulo, chidathiramo matamando. Chidatenga ngakhale mau a m'banja la Achewa. Kwathu mbumba ndi alongo ako ndi ana ao, ndipo nkhoswe ndi mlongo amene mbumba imamudzudzula akalephera udindo wake. Kamuzu adadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, koma adali nkhoswe yosadzudzulidwa. Nthawi yomweyo amuna a amai ovinawo sankaloledwa kulima fodya wa bale, amene adasungidwira eni maesiteti mpaka cha m'ma 1990, ndipo zokolola zao ankagulitsa ku ADMARC pa mtengo wonenedwa ndi wogula. Akulu a kwathu amakumbukira anyamata a chipani ataima pa chipata cha msika kufuna khadi. Zonsezi sizidalowe m'nyimbo ya pa sitediyamu. Chiyembekezo chimene chimafuna kuti uyambe waiwala bala lako ndi mankhwala ogonetsa, ndipo woperekayo amadziwa chimene akufuna kuchita nawe uli mtulo.

Pali chinthu china chimene ife a pa koleji sitikonda kuchikumbukira. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 dziko lidasankha nyali, ndiye kuti zipani zambiri, koma chigawo chapakati, kwathu komwe, chidasankha tambala wakuda. Ena amafulumira kunena kuti anthu akumudzi adali mbuli. Ine ndikukana. Anthu aja adamva nyimbo za chiyembekezo m'chinenero chao tsiku ndi tsiku pa wailesi ya MBC kwa zaka makumi atatu. Ndakatulo zonena za mabala ao zidali m'Chingerezi, zosindikizidwa ku London, zowerengedwa ndi anthu okwana m'chipinda chimodzi ku Zomba. Sindikuchepetsa kulimba mtima kwa amene adazilemba, adasunga lilime la dziko pa nthawi imene lilime linkadulidwa. Koma chimene chidagwedeza mudzi ndi kalata ya maepiskopi a Katolika, imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 m'zinenero zimene anthu amayankhula, ndi mau osazungulira, za malipiro, za zipatala, za anthu otsekeredwa popanda mlandu. Ophunzira a pa Chancellor College adatuluka kuguba pogwirizana ndi kalatayo, koleji n'kutsekedwa. Mau omveka ndiwo adadzutsa ngakhale ophunzira amene ankadziwa kumasulira nadzikambe.

Woimba amene adamvetsa zimenezi ndi Lucius Banda wa ku Balaka, wokulira mu Alleluya Band ya mkulu wake Paul. Chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, cha 1994, chidali ndi nyimbo ya Mabala, ndipo anthu m'minibasi ndi m'mabala adamva kwa nthawi yoyamba zowawa za zaka makumi atatu zikuimbidwa m'Chichewa chosavala jekete. Adamutcha Soja, msilikali wa amphawi, ndipo dzinalo adaligwirira ntchito. Koma moyo wake ukutiphunzitsanso mbali ina. Adaimbira kampeni chipani cha UDF, adakhala phungu wa Balaka North mu 2004, adalowa m'ndende mu 2006, wailesi ya boma idaleka kuulutsa nyimbo zake m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo m'zaka zake zomaliza adali mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera mpaka adamwalira ku South Africa pa 30 Juni 2024. Sindikuweruza malemu, woimba nayenso ali ndi ana ofuna kudya ndipo ali ndi ufulu wosankha chipani. Ndikungonena zimene makutu a aliyense angatsimikize, kuti nyimbo zake zimene zatsala m'mitima ya anthu ndi zimene adaimba ataima kunja kwa mpanda, ndipo zimene adaimbira mtundu wa nsalu zidasuluka pamodzi ndi nsaluyo. Tasinthasintha atsogoleri mu 1994, mu 2004, mu 2014, mu 2020, mu 2025, ndipo chisankho chirichonse chidali ndi nyimbo yake ya mbandakucha. Akulu adati chitsiru chidaomba ng'oma, ochenjera navina. Mlakatuli amene amamangirira chiyembekezo chake pa munthu mmodzi adziwe kuti ng'oma ndi yake koma gule ndi wa ena.

Kuti tione kuti nkhaniyi si ya Malawi yekha, tipite kutali, ku Turkey, dziko limene alakatuli ndi oimba ake alipira mtengo waukulu kuposa wathu. Nazim Hikmet adagamulidwa zaka 28 mu 1938 pa mlandu woti ndakatulo zake zinkautsa mitima ya asilikali. Adakhala m'ndende zaka khumi ndi ziwiri, adatuluka mu 1950, adathawa mu 1951, boma lidamulanda unzika, adakamwalirira ku Moscow mu 1963, ndipo unzikawo adamubwezera mu 2009, ali m'manda zaka zoposa makumi anai. Munthu wotere akadalemba kuti mtima wake wasanduka manda, ndani akadamutsutsa? Koma zimene adachita m'ndende ya ku Bursa n'zina. Adamvetsera mbiri za alimi, asilikali ndi akuba amene adamangidwa nawo, nalemba ndakatulo yaitali ya anthu a dziko lake, mmodzimmodzi ndi ntchito yake ndi njala yake, m'chinenero chimene iwo amayankhula. Adaphunzitsa mkaidi mnzake Orhan Kemal kulemba nkhani, ndipo iyeyo adadzakhala mlembi wotchuka. Adaphunzitsa mnyamata wa kumudzi İbrahim Balaban kujambula, nayenso adadzatchuka. Chiyembekezo cha Hikmet chidali ntchito ya manja ngati ya mai wa pamtondo, chinthu chimene umachita m'mawa uliwonse ngakhale khoti lanena kuti utuluka uli nkhalamba.

Ruhi Su adali woimba wophunzira, wa m'nyumba ya opera ku Ankara. Adamangidwa mu 1952, adakhala zaka zisanu, ndipo atatuluka adapereka moyo wake ku nyimbo za anthu akumudzi, akuziimba ndi saz, choimbira cha nsambo cha khosi lalitali, chapachibale ndi banjo yathu. Adaona kuti alimi a dziko lake adali ataimba kale zonse zimene iye ankafuna kunena, kuyambira nthawi ya Pir Sultan Abdal, mlakatuli amene adanyongedwa ndi olamulira zaka zoposa mazana anai zapitazo koma nyimbo zake zikuimbidwabe. Asilikali atalanda boma pa 12 Seputembala 1980, Ruhi Su adadwala, boma lidamumana pasipoti yokalandirira mankhwala kunja, ndipo adamwalira mu 1985. Pa 2 Julayi 1993, patangotha masiku 18 ife titavotera nyali, khamu la anthu lidatentha hotela ya Madımak mu mzinda wa Sivas, mmene mudali alendo a chikondwerero chokumbukira Pir Sultan Abdal yemweyo, ndipo anthu 35 adafa, ambiri a iwo alakatuli, oimba ndi ovina. Ahmet Kaya adangonena pa mwambo wopereka mphoto mu 1999 kuti adzaimba nyimbo imodzi m'chinenero cha Akurd, anzake n'kumugenda ndi mafoloko, boma n'kumutsegulira milandu, ndipo adafera ku Paris mu 2000 ali ndi zaka 43. Mu 2020 oimba awiri a gulu la Grup Yorum, Helin Bölek ndi İbrahim Gökçek, adamwalira atanyanyala chakudya miyezi yambiri pofuna kuti boma liwalole kuimbanso pagulu ndi kumasula anzao.

Sindikutchula imfa zimenezi pofuna kuti wina pakati pathu akhumbire manda. Woimba wakufa saimba, ndipo imfa za mu 2020 zija ndi umboni wa kutaya mtima kofanana ndi umboni wa kulimba mtima. Ndazitchula chifukwa zikuyankha funso limene olira athu amalizemba. Boma silitseka pakamwa pa munthu chifukwa choti ndi wachisoni, ndipo silimuthamangitsa chifukwa choti ali ndi chiyembekezo. Achisoni ndi oyembekezera adzaza dziko lonse ndipo palibe wowavutitsa. Chimene olamulira amaopa ndi nyimbo imene imauza anthu chifukwa cha chisoni chao, m'mau amene iwo angawaimbe okha woimbayo atachoka. Nyimbo yotere imasandutsa vuto la munthu mmodzi kukhala mlandu wa gulu, ndipo gulu likadziwa kuti ndi gulu, chiyembekezo chabadwa kale popanda wochilengeza. Ndi chifukwa chake Hikmet ndi Mapanje adapita kundende, Kaya ndi Chipasula kunja, Matafale kumanda. Ndi chifukwa chakenso ife tikupita ku chakudya cha madzulo mosatekeseka.

Ndikudziwa yankho limene likubwera, ndalimva kale m'bwalo muno: ndakatulo si nyuzipepala, mlakatuli si mtolankhani, luso lili ndi malamulo ake. Ndikuvomera ndi mtima wonse. Ndakatulo yongondandalika mitengo ya feteleza ndi yoipa, ndipo yongotukwana nduna ndi yoipa koposa. Koma amene akuganiza kuti kutchula chinthu chenicheni kumapha luso sadamvetsere nyimbo ya pamtondo. Mai uja ayenera kupeza fanizo lolasa mwamuna wake yekha osalasa mwamuna wa mnzake, lomveka kwa ankhoswe koma losapereka mpata woti akamusumire kwa mfumu, lokwana pa kugunda kwa misi iwiri, ndiponso lokoma mokwanira kuti anzake alitenge. Limenelo ndilo luso lovuta. Kulemba kuti usiku watalika n'kosavuta, usiku umenewo ungakhale wa ku Nathenje, wa ku Oslo kapena wa pa mwezi. Ndipo inu aphunzitsi athu, ndi ulemu wonse, muli ndi gawo pa mlanduwu. Mukaona ndakatulo yosamveka mumaitcha yozama, mukaona yomveka mumaitcha yachibwana, ndipo ife ana tidaphunzira msanga kumene malikisi ali. Mukatipatsa Mapanje, mutipatsenso chaka, lamulo ndi ndende zimene zidabala mafanizo ake, tisatengere mafanizo okha ngati zovala za malemu.

Nkhani zofuna mlakatuli zadzaza, sizifuna kukumba. Tsikani basi pa Nathenje mwezi wa Janyuwale, pamene nkhokwe zapepuka ndipo anthu akusiya minda yao kukagwira ganyu m'minda ya ena kuti apeze ufa wa tsiku limodzi, podziwa bwino lomwe kuti udzu ukukula kwao ndipo njala ya chaka chamawa akuibzala okha. Mverani mlimi amene mabelo ake abwezedwa ku okushoni kawiri, wa katapila akumudikira pakhomo. Funsani mai amene dzina lake lidasowa pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo, pamene la munthu womwalira kale lilipo. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo kugwako kudafika m'botolo la mafuta ophikira, mu sopo, mu fizi ya mwana wa ku sekondale. Onani anyamata a folomu folo amene akupalasa kabaza, ndi ena amene adakwera basi ya ku Joni osabwerako. Ku Mitundu, sukulu ya zaulimi ya Bunda yayang'anizana ndi midzi imene ikulimabe ndi khasu lomwe lija la agogo. M'zonsezi muli misozi yokwanira mabuku khumi, ndipo misozi yake ili ndi eni. Mulinso chiyembekezo chosagula, cha amai a banki m'khonde osonkherana timakwacha Lachinai lirilonse, cha adzukulu okumba manda a munthu wosauka mwaulemu womwewo wa munthu wolemera, cha mlimi amene chaka chathachi chidamupsereza koma mvula yoyamba ikagwa ali m'munda. Anthu amenewa sakusowa wowauza kuti kudzacha. Akusowa wowaona.

Choncho pempho langa kwa bwalo lino ndi ili. Aliyense wobweretsa ndakatulo yolira akhale wokonzeka kutiuza, ngakhale monong'ona tikatseka chitseko, kuti maliro ndi a yani ndipo wachititsa ndani. Ngati sadziwa, akafufuze, ndakatuloyo siinapse. Aliyense wobweretsa ndakatulo ya mbandakucha atisonyeze dzanja limene likugwira ntchito m'ndakatulomo, ndipo lisakhale dzanja la munthu amene nkhope yake ili pa nsalu. Ndipo aliyense wa ife, kamodzi pa teremu, alembe m'chinenero cha kwao, kaya Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga kapena Chingonde, apite nayo kumudzi pa holide, akaiwerengere anthu amene akunenedwamo. Akaseka pamene iye amafuna alire, kapena akafunsa kuti tsono ukutanthauza chiyani mwana iwe, abwere adzatiuze, tidzaphunzirapo zambiri kuposa pa kuomberana m'manja.

Akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Dziko lino lamva m'mimba kalekale, ndipo ife amene tidapatsidwa mwai wa mabuku, pa ndalama za msonkho wa olima fodya omwe aja, takhala pafupi ndi chitseko. Tikapitiriza kulira mwaluso osachitsekula, anthu adzatsekula okha monga adachitira mu 1992, ndipo nyimbo imene adzaimbe potuluka siidzakhala yathu.